Mano a mvuu ndi magweru athu

Abale ndi alongo amene mukutsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba m'mipingo yathu kuno ku Mecanhelas, nkhani ya ulendo uno tayitola m'kalasi momwemo. Tsiku lina tinakayendera kalasi ina kufupi ndi nyanja ya Chiuta, ndipo tinapeza mphunzitsi akudandaula za mayi wina wachikulire. Ati mayiwo kulemba amalemba bwino kuposa anzawo onse, dzina lawo, dzina la mudzi, ngakhale kalata yaifupi, koma ikafika nthawi yowerenga mokweza amakana kwamtuwagalu. Mphunzitsiyo ankayesa mwano. Titawaitanira pambali mayi aja, anayankhula chitenje chili pakamwa. Anatiuza kuti mano awo anayi akutsogolo anachoka kalekale, ndipo akati atchule mawu monga "tsiku", "dzuwa" kapena "fisi", mpweya umangopulumukira pa gweru, atsikana okhala kumbuyo nkumaseka. Zilembo akuzidziwa bwino lomwe. Chikuwakaniza ndi pakamwa.

Musanapitirire, tayesani nokha. Tchulani "fodya" kapena "vuto" pang'onopang'ono, mumva mlomo wa m'munsi ukugunda mano a m'mwamba. Tchulani "sukulu" kapena "zovala", mumva lilime likuima kuseri kwa mano akutsogolo, mpweya nkudutsa pa kampata kochepa. Chinyanja chathu chadzaza ndi mawu otere, a ts, a dz, a ps, a bz. Munthu wa magweru akutsogolo amalimbana ndi mzere uliwonse wa m'buku. Kuchokera tsiku limenelo tinayamba kufufuza kuti luso lobwezera dzino pamene lachoka linayambira kuti, nanga bwanji kwathu kuno lachedwa chotere. Tinadabwa kupeza kuti mbiri yake inadutsa pa madzi a mu Afrika muno.

Tiyambe ndi makolo athu, pakuti alipo ena amene amaganiza kuti zosamala mano zinabwera ndi azungu. David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa pa 18 Epulo 1859, akuchokera ku mtsinje wa Shire, kutsidya kwa nyanja yomweyi imene ife takhala kum'mawa kwake. M'buku limene Livingstone anatulutsa mu 1865 pamodzi ndi mng'ono wake Charles, anafotokoza za amayi Achimang'anja ovala pelele, mphete ija yolowetsa m'mlomo wa m'mwamba, ndiponso za anthu a m'mbali mwa nyanja yaikulu amene ankasema mano akutsogolo kuti akhale osongoka. Kusema mano kunalinso pakati pa Amakonde a ku Cabo Delgado ndi Amakhuwa ena. Atonga a kufupi ndi mathithi aakulu a pa Zambezi iwo ankachita kugulula mano akutsogolo a m'mwamba mwana akamasinkhuka. Kwa alendo aja zinali zonyansa. Kwa eni ake kunali kukongola, ndiponso chizindikiro chodziwira kuti uyu ndi wa mtundu wathu.

Ife sitifuna kuwaseka makolo pa zimenezi, ngakhale mipingo yoyamba inawadzudzula kwambiri. Taganizani dzanja la mmisiri amene ankaika kachitsulo pa dzino la mnyamata, nkumagogoda pang'onopang'ono mpaka dzino litasongoka osasweka, popanda mankhwala oletsa ululu. Linali luso ndithu. Makolo ankadziwanso kutsuka mano ndi mswachi wa mtengo, ena ndi phulusa kapena makala, ndipo chakudya chawo chinalibe shuga wa m'sitolo. Koma luso lonseli linali lochotsa: kusema, kugulula, kuzula. Lobwezera panalibe. Mwana yekha ndiye anali ndi mwayi. Dzino lake likaguluka ankaliponya padenga, lina nkumera, pakuti mano 20 a ubwana amasiyira malo mano 32 a ukulu. Wamkulu likamuchokera, basi kwatha.

Maiko ena anayamba kale kuyesa kubwezera. Ku Italy, zaka zoposa 600 Ambuye Yesu asanabadwe, anthu otchedwa Aetruska ankamanga dzino loikirira ku mano otsala ndi kalamba kopyapyala ka golide. Koma ntchitoyi inakhazikika ngati luso lophunzitsidwa mu 1728, pamene Mfalansa wina, Pierre Fauchard, anasindikiza buku lalikulu lofotokoza kamatidwe ka mano obooka ndi kapangidwe ka mano oikirira. Vuto la amisiri a nthawi imeneyo linali limodzi: dzino latsopanolo tilipange ndi chiyani? Anayesa mafupa a ng'ombe, anayesa mnyanga wa njovu. Chimene anachikonda koposa chinali dzino la mvuu, chifukwa ndi lolimba, ndi loyera, ndipo silichita msanga chikasu monga mnyanga wa njovu. Mmisiri ankatenga chibenthu cha dzino la mvuu nkuchisema kuti chikhale molingana ndi nkhama za mwini wake, kenaka nkusemapo maonekedwe a mano kapena kukhomerapo mano a anthu ena.

Tsono apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza. Ku Ulaya kunalibe mvuu, ku America kunalibe mvuu. Dzino lililonse la mvuu limene linalowa m'kamwa mwa mfumu kapena wamalonda wa ku London, ku Paris kapena ku Lisboa linachokera mu mtsinje kapena m'nyanja ya mu Afrika. M'mabuku a Apwitikizi owerengera katundu wotuluka pa madoko a Moçambique, pambali pa minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere, mumapezekanso katundu wotchedwa dentes de cavalo-marinho, ndiye kuti mano a kavalo wa m'madzi, dzina limene iwo ankaitchulira mvuu. Livingstone anawaona alenje a mvuu pa Zambezi, anthu olimba mtima amene ankaiyandikira nyamayo pa bwato nkuilasa ndi mkondo womangirira chingwe. Amene munakulira pa Chiuta kapena pa Chilwa mukudziwa chimene mvuu yolasidwa imachita ndi bwato. Ndipo njira za amalonda Achiyao ndi Achimakhuwa zopita ku Quelimane, ku Angoche ndi ku Ilha de Moçambique zinkadutsa m'dera la nyanja zathuzi, atasenza minyanga. Osenzawo nthawi zina anali akapolo, amene pofika kugombe ankagulitsidwa pamodzi ndi katundu wawo yemwe.

Munthu wotchuka koposa amene anavala mano otere ndi George Washington, pulezidenti woyamba wa dziko la America. Pamene ankalumbira udindowo mu 1789 anali atatsala ndi dzino limodzi lokha lakelake. Mmisiri wa ku New York, John Greenwood, anamupangira mano oikirira pogwiritsa ntchito dzino la mvuu, mano a anthu ndi zitsulo. A m'mwamba ndi a m'munsi ankalumikizidwa ndi timasipuling'i tokankha, kotero kuti mwini wake ankayenera kulimbitsa nsagwada kuti pakamwa patsekeke. Ankamupweteka, ndipo ankamutupitsa milomo. Pali chinanso chowawa. M'buku la ndalama la pa munda wake muli mzere wa chaka cha 1784 wosonyeza kuti analipira ndalama pogula mano 9 kwa anthu akuda a pamundapo, pamene pankalimidwa ndi akapolo. Ife titawerenga zimenezi tinakumbukira lamulo la pa Eksodo 21:27, limene linkati mbuye akagulula dzino la kapolo wake, kapoloyo amasulidwe chifukwa cha dzinolo. Chilamulo cha Mose chinaliyesa dzino limodzi mtengo wa ufulu wa munthu. Eni minda aja Baibulo anali nalo m'nyumba, koma dzino la kapolo analiika pa mtengo wa masheleni.

Mano a anthu ankafunidwa kwambiri, ndipo ankapezeka m'njira zochititsa manyazi. Amphawi ankagulitsa awo. Okumba manda ankazula a mitembo. Itatha nkhondo ya ku Waterloo mu 1815, anthu anayenda pakati pa asilikali akufa nkumazula mano, ndipo mano oikirira a mtundu umenewu anadzatchedwa mano a Waterloo.

Dzino la mvuu nalo linali ndi chilema chake. Likakhalitsa m'kamwa limamwa malovu ndi zakudya, limada, limayamba kuwola ndi kununkha. Wogulitsa mankhwala wina wa ku France, Alexis Duchâteau, atatopa ndi fungo la mano ake oikirira, mu 1774 anayesa kupanga ena ndi dothi loyera lowotcha, lija amapangira makapu ndi mbale zonyezimira. Dokotala wa mano Nicolas Dubois de Chémant anapitiriza ntchitoyo mpaka mano adothi anayamba kugulitsidwa. Kusintha kwakukulu kunadza ndi mphira. Charles Goodyear wa ku America anapeza njira yophikira mphira pamodzi ndi sulufule kuti ulimbe, nalembetsa njirayo mu 1844, ndipo m'zaka za m'ma 1850 amisiri anayamba kuumba nkhama zoikirira ndi mphira wolimba, nkuzikamo mano adothi. Mphira unkatsata bwino maonekedwe a m'kamwa, ndiponso unali wotsika mtengo. Kuyambira pamenepo mlimi ndi wantchito wamba wa ku Ulaya anatha kugula mano, ndipo mvuu inapumako ku ntchito imeneyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunabwera pulasitiki wotchedwa acrylic, yemwe akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Mu 1965, ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark anaika koyamba mwa munthu tizitsulo ta titanium tolowa m'fupa la nsagwada, fupa nkumera mogwira chitsulocho, pamwamba pake nkumangapo dzino.

Onani zaka zimenezi bwino. Pamene Livingstone ankaima pa Chilwa mu 1859, kwawo mano a mphira anali atayamba kale kufala. Koma iye mwini, m'zaka zake zomaliza ali m'nkhalango za ku Manyema m'dziko la Congo, mano anamuthera chifukwa cha matenda ndi kutafuna chimanga chouma. Ogwedera ankadzizula yekha ndi ulusi wolimba, ndipo polembera mwana wake Agnes anadziseka kuti kumwetulira kwake kwafanana ndi kwa mvuu yamphongo. Mzungu yemwe, akakhala kutali ndi mmisiri, ankatafunira nkhama ngati agogo athu. Luso lingakhalepo pa dziko lapansi, koma ngati lili ulendo wa miyezi kuchokera pamene iwe uli, kwa iwe kulibe.

Nanga kwathu linafika liti? Dera lino la Niassa linali m'manja mwa kampani, Companhia do Niassa, mpaka 1929. Kampaniyo inkafuna msonkho ndi antchito. Za umoyo wa anthu a m'midzi sinkazilabadira. Boma la Apwitikizi litatenga dera, madokotala ambiri anakhala m'mizinda ikuluikulu, Lourenço Marques ndi Beira, kumene kunali azungu ambiri. Kumidzi chithandizo cha dzino chinali kwa sing'anga, amene ankapereka mizu yotafuna kapena yofukiza poti aphe kachilombo ka m'dzino, kapena kwa enfermeiro wa pa posto ndi pa mishoni, amene anali ndi chitsulo chozulira. Njanji itafika ku Entre Lagos mu 1970 maulendo anapepukako, koma dokotala wa mano sanabwere nayo.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo pa 24 Julaye chaka chomwecho boma la Samora Machel linatenga zipatala zonse nkuletsa udokotala wolipiritsa. Cholinga chinali chakuti wosauka athandizidwe mofanana ndi wolemera. Koma madokotala ambiri Achipwitikizi anachoka, m'dziko lonse nkutsala osakwana 100. Boma linalimbikira kuphunzitsa anthu athu ntchito zapakati, ndipo ena anaphunzira za m'kamwa, gawo lija m'zipatala amalilemba kuti estomatologia. Ntchitoyo isanazike mizu inadza nkhondo. Za nkhondo sitichulutsa, pakuti ambiri a inu makolo anu anakuberekani kumbuyo pothawira ku Malawi kudzera pa Nayuchi ndi m'madambo a Chilwa, ndipo amene anawoloka malire m'dziko lonse anaposa miliyoni imodzi. Zipatala zazing'ono zambiri zinatenthedwa kapena kusiyidwa. Munthu wothawa salabadira dzino lobooka. Likamusowetsa tulo amapeza womuzula, nkupitiriza ulendo. Ambiri mwa amayi ndi abambo amene akhala pa mabenchi a makalasi anu lero anataya sukulu ndi mano m'zaka zomwezo, mtendere usanasainidwe ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Sukulu yophunzitsa madokotala a mano m'dziko muno inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku ISCTEM ku Maputo. Kumpoto kuno tinadikira mpaka Universidade Lúrio, imene inakhazikitsidwa mu 2006, itatsegula maphunziro a zaumoyo ku Nampula mu 2007, a mano ali momwemo. Anzathu a ku Malawi anachedwa kuposa ife: kwa zaka zambiri ankaphunzitsa othandiza za mano ku Lilongwe, koma maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku Blantyre, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Kuchokera pa buku la Fauchard kufika pa kalasi yoyamba ya ku Nampula panapita zaka 279.

Anthu a m'makalasi anu adzakufunsani kuti mano oikirira amapangidwa bwanji, poti mphekesera zilipo zambiri. Ena amati ndi mano a anthu akufa. Kale zinalidi choncho, monga taonera, koma lero ayi. Dokotala amaika phala lofewa m'kachikombole nkulikanikiza pa nkhama kuti litenge maonekedwe a m'kamwa. M'chikombolecho amathiramo pulasitala, nkutuluka chifanizo cha nsagwada zanu. Pa chifanizocho mmisiri amayala mano a pulasitiki m'phula, nkukuyesani ngati mukuluma bwino. Zikakhala bwino, phula lija amalisungunula, malo ake nkulowa acrylic wofiirira ngati nkhama. Nchifukwa chake munthu sapita kamodzi nkubwerako ndi mano; pamafunika maulendo angapo, ndipo kwa munthu wa kuno maulendo amenewo ndi a ku mizinda ikuluikulu monga Nampula kapena Blantyre. Mtengo wa galimoto, sitima ndi pogona ukhoza kuposa mtengo wa mano enieniwo. Mano otere amavulidwa usiku, amatsukidwa, nkusungidwa m'madzi. Pakapita zaka amakhwepa, chifukwa fupa la pamene panachoka dzino limanka liphwa, ndiye amafunika kukonzedwanso.

Auzeninso kuti gweru silikhala chete. Mano oyandikana nalo amapendekera m'mpatamo, dzino loyang'anizana nalo limatalika posowa logundana nalo, ndipo zakudya zimayamba kukanirira m'malo amene kale sizinkakanirira. Wokalamba amene mano akumbuyo anatha amasiya chimanga chokazinga, mtedza, nyama ndi nsomba zouma, nkumangodalira phala ndi nsima yofewa. Timati agogo aonda ndi ukalamba, pamene mwina aonda ndi njala ya m'kamwa.

Pa mbiri yonseyi, chimene ife chinatikondweretsa koposa si titanium wa ku Sweden ayi, koma njira ina imene inabadwira kwa anansi athu. Cha pakati pa zaka za m'ma 1980, ku Tanzania, dokotala wa ku Netherlands dzina lake Jo Frencken anaona kuti makina obowolera mano ndi achabe kumene kulibe magetsi. Anayamba kukokota chowola cha m'dzino ndi tizitsulo ta m'manja, ngati timasupuni ting'onoting'ono, nkumata bowolo, ndipo pambuyo pake anayamba kumata ndi mankhwala otchedwa glass ionomer, amene amagwira dzino okha ndipo amatulutsa fluoride wolimbitsa dzino. Njirayi, imene imadziwika ndi zilembo zakuti ART, inayesedwa ku Thailand ndi ku Zimbabwe, ndipo bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linailengeza pa 7 Epulo 1994. Safuna magetsi, safuna mpando wa mtengo wapatali. Wodwala akhoza kugona pa tebulo la m'kalasi. Imathandiza bowo likadali laling'ono. Dzino likafumbwa mpaka mkati, likatupitsa tsaya, nthawi yomata yapita. Tsoka lathu ndi lakuti timapirira. Timaika mchere, timaika fodya, ena mpaka madzi a m'batire, zimene zimawotcha nkhama osachiza kanthu, ndipo timafika kuchipatala tsaya lili ngati dzungu. Pamenepo wachipatala alibe chochita china koma kuzula, ife nkumati kuchipatala amangodziwa kuzula.

Za kachilombo kaja makolo sanaphonye kwenikweni. Mulibe mphutsi m'dzino, koma muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wotsalira pa mano nkutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amasungunula chikopa cholimba cha dzino. Chasintha ndi chakudya cha tizilomboto. Agogo athu ankatafuna mzimbe ndi misale pa nyengo yake, uchi mwa apo ndi apo. Lero shuga ali pa msika uliwonse, wa kuno ndi wodutsa pa malire, tiyi timathira masupuni anayi, ndipo mwana akalira timamutseka pakamwa ndi switi kapena chakumwa cha m'botolo. Ife abusa tisanamizire ena: pa misonkhano yathu ya mpingo mlendo wolemekezeka timamulandira ndi chakumwa chomwecho. Mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, aja tonse timangowatcha Colgate, kutsukira m'mawa ndi pogona, ndi otsika mtengo kuposa dzino limodzi loikirira. Kumene sapezeka, mswachi wa mtengo wa makolo uja ukugwirabe ntchito yake yochotsa zokanirira.

Tibwerere ku kalasi ya ku Chiuta. Mphunzitsi uja tinakhala naye pansi, ndipo anamva chisoni kuti anawaganizira mwano mayi a msinkhu wa amayi ake omubereka. Anasintha kachitidwe. Tsopano mzere watsopano kalasi yonse imayamba kuwerengera pamodzi, kenaka awiriawiri, ndipo amene safuna kuima kutsogolo mphunzitsi amapita pa benchi pawo nkuwamvera chapafupi. Atayang'anitsitsa anapeza kuti mwa ophunzira ake amene ankakhala chete, enanso atatu vuto lawo linali lomweli. Phunziro la chilembo "dz" analiphunzitsa ndi liwu lakuti "dzino", nafunsa akuluakulu kuti afotokoze za kusema mano ndi pelele monga anazionera kwa agogo awo. Tsiku limenelo amene ankakhala chete aja ndiwo anayankhula kwambiri, atsikana akulemba m'makope. Ngati m'kalasi mwanu muli okalamba amene anaona zimenezi ndi maso, lembani zimene akuuzeni, mutchule mudzi ndi mtundu, mutitumizire kuti tizisunge m'masamba ano.

Mayi aja anawerenga ndime ziwiri pa msonkhano wa amayi wa Lachinayi, chitenje chili m'chiuno. Mano sanaikitsebe. Mwana wawo wamwamuna akuti nandolo akagulidwa bwino chaka chino adzawakweza sitima pa Cuamba kupita nawo ku Nampula.